Mazira Khumi ndi Awiri a Cathrine

Chawama, Lusaka
18 Febuluwale 2024

Achemwali anga Yamikani,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji ku Mchinjiko, alamu ndi ana ali bwanji? Mwendo uja unatupa pobwera kumanda watsika? Ine kuno ndilipo, kupuma ndikupuma, koma mtima uli pamoto.

Kalatayi ndapatsira ba Luse, aja amapita ndi zitenje ku Lilongwe. Musadabwe kuti sindinaimbe, foni ndilibe. Ndipo ndikulemba Chichewa cha amayi, osati cha kuno cha vinthu-vinthu, kuti mumve chilichonse bwinobwino.

Mutangokwera basi yobwerera, dothi la pamanda a amuna anga ba Dixon lisanaume n'komwe, mlongo wawo Cathrine anafika ndi kalole ndi amuna awiri. Mukumukumbukira, ndi uja analira kuposa ine mwini wake mpaka kumugwira anthu atatu. Misozi inauma msanga. Akuti katundu wa mlongo wake ndi wa kwawo. Ananyamula mipando, ndinangoyang'ana. Ananyamula TV, ndinati pitani nayo, malaiti ake ali kuti. Koma achemwali, kenako anagwira sitovu yanga ya gasi, ija ya uvuni. Anatenganso mathini onse ophikira keke, sikelo, foni ya ba Dixon, ndi buku langa lachikuto chofiira mmene ndinalemba maphikidwe onse.

Ndinamuuza kuti, "Mlamu, sitovuyo ndiye munda wanga." Anandiyankha akuseka, "Munda wa chani? Keke ilibe mazila ni keke? Ni chigumu cha amphawi icho." Amuna aja nawonso anaseka. M'nyumba mwanga, ine nditavala duku lakuda.

Inu ntchito yangayi simunaione bwino, ndiye ndikuuzeni. Zaka zisanu ndi zinayi ndinagwira ntchito ya m'nyumba ku Kamwala kwa ba Kantaben, mayi achimwenye aja anatumiza thumba la mpunga pamaliro. Iwo chibadwire dzira silinalowepo m'kamwa mwawo, chipembedzo chawo sichilola. Kenako mwana wawo wamkazi anabwera kusukulu ataleka ndi mkaka womwe, akuti chilichonse chochokera ku chiweto iye ayi. Ndiye ine ndi mayiwo tinakhala m'khitchini miyezi, kuwononga fulawa, kutaya makeke olimba ngati njerwa, mpaka tinaipeza keke ya chokoleti yofufuma popanda dzira, mkaka kapena bata. Timaika koko, soda, viniga pang'ono, nthochi yakupsa kwambiri, mkaka wa soya ndi mafuta ophikira aja kuno timati saladi. Tsiku limene ndinkasiya ntchito anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Pita nayo, ikakudyetse."

Anthu anga si ambiri: Amwenye a ku Kamwala, a Sabata ena aja osadya chilichonse cha nyama, ndi ma Rasta awiri a ku Kalingalinga. Amagula kwa ine chifukwa amadziwa kuti Philomena akati mulibe, mulibedi. Dzina limenelo ndiye chuma changa. Koma manambala awo onse ali mu foni ija, poti ba Dixon ndiwo ankalandira maoda n'kukapereka pa njinga yamoto.

Akuchimuna akuti ndisatuluke, ndisaphikirenso anthu mpaka atandisudzula, ndipo tsiku lake adzanena okha. Ndakhala. Koma lembani penapake, achemwali: Cathrine adzandiona.

Munditumizireko mtedza ngati mvula yakusiyiraniko.

Ndine mng'ono wanu,
Philomena


Mchinji
10 Malichi 2024

Mng'ono wanga Philomena,

Landira moni kuchokera kwa tonse. Mwendo watsika, alamu ako ali bwino, kungoti munda wapsa ndi dzuwa. Chimanga chafota chisanabereke. Mtedza ndakupatsira kathumba kakang'ono, ndi wa chaka chatha, usanyoze.

Kalata yako ndinaiwerenga kawiri, kachitatu maso anakana. Zimene wachita Cathrine ndi zoipa, sindikubisa ayi. Koma iwe ndimakudziwa. Uli mwana unandisungira mkwiyo miyezi itatu chifukwa cha kariboni, n'kudikira tsiku la ubatizo wanga kuti undibisire nsapato. Ndinabatizidwa wopanda nsapato ine, mpingo wonse ukuona. Ndiye ukamati "adzandiona", ine kuno mtima umangoti phaa.

Itana akuluakulu a mpingo. Kapena upite ku ofesi ija imathandiza amasiye, ndimamva kuti kumeneko lamulo lilipo loletsa kulanda katundu. Usalimbane naye wekha. Sitovu ndi chitsulo chabe. Maphikidwewo ali m'mutu mwako, ndipo mutu wako sanaukweze pa lole. Sunga khosi, mkanda woyera udzavala.

Undiuze ngati ukudya. Undiuzenso za kusudzulako, akuti liti?

Ndine mkulu wako,
Yamikani


Chawama
14 Epulo 2024

Achemwali,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Mtedza unafika, zikomo, ndausinja chiponde.

Akuluakulu a mpingo ndinawaitana monga munanenera. Anabwera atatu, anamwa tiyi wanga, anapemphera pemphero lalitali, n'kunena kuti za pabanja zithere pabanja. Shuga yekha ndiye anatha. Kusudzula akuti mwina mu Juni, Cathrine akapeza mpata. Mwamva? Akapeza mpata.

Ndipo mpata alibedi, poti watanganidwa ndi ntchito yanga. Ba Luse anadutsa ku Mandevu kumene amakhala, anapeza dzina langa litalembedwa pakhoma la nyumba yake ndi penti yofiira, keke itajambulidwa pambali. Anthu anga akalemba pa foni ija amawayankha kuti Philomena ali pa maliro, musamuvutitse, ine mlamu wake ndikumuphikira ndi buku lake lomwe kuti wamasiye asafe ndi njala. Njala yanga ndiyo akuvalira mawigi atsopano. Ba Kantaben atamva zimenezo anaonjezera oda yawo ya Lachisanu, m'malo mwa keke imodzi tsopano akutenga ziwiri. Ndiye palinso ba Nchimunya a ku Kabanana, a Sabata aja. Mwana wawo Chipego akukwatiwa, phwando la khitchini, lija lolangiza mkwatibwi, lili mu Julayi. Keke ya phwando limenelo tinayamba kukambirana chaka chatha, ba Dixon ali moyo, yosanjikiza katatu. Nayonso yapita ku Mandevu.

Ine sindinangokhala. Ndatseka chitseko, ndayatsa mbaula. Ndimathira mchenga pansi pa poto wamkulu uja wa maliro, n'kuikamo kapoto ka keke, pachivundikiro n'kuyalapo makala. Yoyamba inapserera pansi. Yachiwiri inali phala pakati. Yachisanu, achemwali, inatuluka yakuda bii, yofewa, fungo mpaka kwa aneba. Ndinakhala pansi n'kulira, kenako ndinadya theka ndekha. Mabisiketi a koko ndi chiponde chanu ndiye akuchita kusungunuka m'kamwa.

Mwina munena kuti bwanji osangozemba n'kupita ku Kamwala kukanena zoona. Ndikanene kuti andimvere chisoni, andipatse tiyi, sitovu ibwere mwakachetechete ngati palibe chinachitika? Ayi. Anandiseka pamaso pa anthu, adzalira pamaso pa anthu. Njira yake sindinaipeze, koma ndikumuphikira kanthu Cathrine. Akadzalawa, keke sadzaifunanso moyo wake wonse.

Alamu muwapatse moni.

Philomena


Mchinji
28 Epulo 2024

Alamu a Cathrine,

Moni. Ndine Yamikani, mkulu wake wa Philomena, tinagona mphasa imodzi pamaliro a Dixon. Ndikhulupirira muli bwino ndi ana.

Ndalemba mng'ono wanga asakudziwa, ndipo ndalemba ndi mantha. Mawu amene akulankhula masiku ano sakundisangalatsa. Munthu wolira amatha kuchita chinthu chimene angadzanong'oneze nacho bondo. Chonde, akakutumizirani chakudya chilichonse, musadye, ngakhale ana asadye. Sindikuti wachita kanthu, ndikungoti chenjerani.

Koma inunso, alamu, mwamulakwira. Mipando sungani ngati mukufuna. Mubwezereni sitovu, buku ndi foni, ndipo dzina lake mulifufute pakhomapo. Ndikukupemphani ngati mayi mnzanu. Mundiyankhe kudzera kwa a Luse omwewa.

Ine,
Yamikani


Mandevu
12 Meyi 2024

Ba mulamu ba Yamikani,

Muli bwanji uko ku Malawi? Ise kuno tili chabe bwino, nchito iyenda.

Kalata yanu nalandila, naseka maningi. Ati niyope Philomena? Uja anganipase poizoni na chani, alibe na poto yabwino. Musavutike mutima, vakudya vake sinidya olo anipase mahala.

Imwe mukamba monga nine kawalala. Dixon ninamulela ine, amai atamwalila. Ninali kumubeleka kumusana nikugulisa tomato pa maliketi ya Mandevu, ninasiya sukulu kuti yeve apunzile. Manje wafa, ine nisale na chani? Chitunzi? Mukazi azakwatiliwa futi, vintu va mulongo wanga vikadyewe na mwamuna wina. Ine Dixon wina sinizamupeza.

Ndipo munifunse va buku yake ija. Nabelenga yonse, nsoni zinanigwila. Fulawa, viniga, ntochi yoola. Dzila kulibe olo imozi, mukaka kulibe, bata kulibe. Zaka zonse izi anali kudyesa bantu keke ya njala, beve osaziba. Kuumila kwa bwanji uku? Ine nakonza. Kuyambila Malichi niikamo mazila, mukaka wa ng'ombe na bata, monga mwamene keke ifunikila. Bakasitomala bakalemba ati "ija ya masiku onse", ine nibapasa yopambana ya masiku onse, mutengo umozi. Kulibe anadandaula. Ba Kantaben beka banatuma mau ati keke yafewa masiku ano, Mulungu adalise manja. Yamene ayo manja ni yanga.

Musaniuze va malamulo yao, niyaziba. Nakulila mu Lusaka ine. Ba Sabata sibadya nkumba na mulamba, Bamwenye sibadya nyama ya ng'ombe. Mu keke yanga mulibe nkumba, mulibe mulamba, mulibe nyama. Dzila ikana ndani? Kwatu dzila tinali kupasa mulendo wolemekezeka.

Pa kicheni pati ya Chipego muzamvela mbili yanga mpaka uko. Muuzeni mufana wanu abwele aone keke ya zoona, nizamusungilako kapisi.

Ndine,
Cathrine


Mchinji
26 Meyi 2024

Philomena,

Moni mng'ono wanga, uli bwanji? Ife tilipo.

Ndiyambe ndi kuulula. Ndinalembera Cathrine. Mawu ako aja oti ukumuphikira kanthu anandiopsa, ndinaganiza zoipa, undikhululukire. Wandiyankha, ndipo kalata yake ndaiika m'kati mwa inoyi kuti uwerenge wekha.

Ndakutumizira pa zifukwa ziwiri. Choyamba, uone kuti mlamu wakoyu si nkhanza zokha, umbuli ulipo wambiri, ndipo naye akulira mlongo wake m'njira yake yokhota. Mwina mtima wako ungatsikeko. Chachiwiri ndiye chachikulu. Akuika mazira, Philomena. Mayi aja anakuphunzitsa ntchito akudya mazira Lachisanu lililonse, m'dzina lako, akuganiza kuti akuthandiza iwe. Ukangowerenga kalatayi vala nsapato upite ku Kamwala. Usadikire kusudzulidwa, Mulungu sangakuimbe mlandu pa ulendo umenewo. Ukatero upitenso ku Kabanana. Anthu akangodziwa, foni ndi sitovu zidzabwera zokha popanda ndewu.

Undilembere msanga zimene anena.

Yamikani


Mchinji
30 Juni 2024

Philomena,

Moni. Kodi uli moyo?

A Luse adutsa kawiri opanda kalata yako. Ndawafunsa, akuti yanga ija anakupatsa m'manja pa 28 Meyi, unaiwerenga uli chiimire, n'kuseka mpaka kugwira chitseko, kenako unaipinda n'kuimanga pa mfundo ya chitenje. Akuti anakusudzula sabata yatha, ndathokoza Mulungu. Akutinso ukuphika tsiku ndi tsiku ndipo wanenepako.

Ku Kamwala unapita? Ndiyankhe funso limeneli lokha, zina usalembe.

Yamikani


Chawama
28 Julayi 2024

Achemwali anga okondedwa,

Moni wa chimwemwe. Muli bwanji, alamu, ana, nkhuku zomwe? Pepani ndinakhala chete, manja anali otanganidwa. Khalani pansi, muitanitse madzi akumwa, nkhani ndi yaitali.

Phwando la Chipego linachitika Lamulungu lapitali, pa 21, ku Kabanana, m'tenti yoyera pabwalo la ba Nchimunya. Poti ndi a Sabata ng'oma kunalibe, kunali kwaya ya amayi a Dorika. Anthu anadzaza mpaka ena kukhala pa njerwa. Ine ndinavala chitenje changa chakale, duku lotuwa, nkhope yogwa, wamasiye weniweni. Cathrine anafika ngati mkwatibwi ndi iyeyo: wigi mpaka m'chiuno, zikhadabo zofiira, nsapato zogogoda. Keke yake inali patebulo kutsogolo, yosanjikiza katatu, yonyezimira. Sindinama, inali yokongola.

Mwambo wa kuno mukuukumbukira. Ba matroni, mayi otsogolera mwambowo, amatsegula mphatso imodzi imodzi, n'kuitana mwini wake kuti abwere kutsogolo, agwade pamaso pa mkwatibwi, amuphunzitse kagwiritsidwe kake. Wabweretsa mpeni, unene umadula chiyani. Wabweretsa beseni, unene amasambiramo ndani. Palibe wothawa. Ine masabata onsewa ndinkangoganiza za mwambo umenewu, ndiye mphatso yanga inali thini imodzi ya keke.

Ba Mukupa, matroni wake, anaikweza m'mwamba. "Iyi ni ya bandani?" Ndinaimirira pang'onopang'ono, ndinapita, ndinagwada. Ndinati, "Chipego mwana wanga, iyi ndi thini ya keke. Uzipaka saladi, uziwaza fulawa pang'ono kuti isamatirire. Koma za m'katimo usafunse ine. Ine ndine wa pa mbaula, yanga ija ndi chigumu cha amphawi. Taonani keke ili apoyo, ine chiyambire sindinaphikepo yotalika choncho. Mwini wake ali pompano, mlamu wanga. Ba matroni, muitaneni amuphunzitse mwanayu, nanenso nditoleko nzeru."

Amayi anaombera m'manja, ena akuti taonani kudzichepetsa. Ba Mukupa anati, "Ba Cathrine, bwelani, tiuzeniko chisinsi." Achemwali, sanadikire kuitanidwa kawiri. Anabwera akugwedeza wigi, analanda maikolofoni, kugwada osagwada.

Anati, "Chisinsi kulibe, ni kusaumila chabe. Keke ifuna mazila. Iyi yapansi yeka muli mazila twelufu. Bata hafu kilo, mukaka wa ng'ombe weniweni. Osati va viniga vija munali kudya kudala. Kuyambila Malichi vonse vamene mwadya ni va mazila, ndiye chifukwa vinakoma."

Wa kwaya amene anali atayamba kanyimbo anakameza. Ba Nchimunya anaimirira, mayi wamtali wosalankhula kawiri, amene m'nyumba mwake dzira ndi mkaka sizinalowe zaka makumi awiri, ndipo apongozi ake a Chipego ndi okhwima kuposa iwo. Anafunsa motsitsa, "Mwati mazira?" Cathrine, akumwetulirabe, anati, "Twelufu." Anaganiza kuti akumuyamikira.

Amayi awiri a Dorika anagwira nsalu ya patebulo uku ndi uku, ananyamula keke yonse ndi maluwa ake omwe, n'kukaitula kunja kwa geti pafupi ndi dzala. Kenako pakamwa panatseguka. Wina akuti watidetsa, wina akuti ndi uyu analanda katundu wa wamasiye, wina akuti dzina pakhoma paja si lake. Ba Luse anali atafesa kale nkhani ya kalole ija mzere wakumbuyo, ndiye inayaka ngati udzu wa mu Okutobala. Cathrine anangoima, maikolofoni ili m'manja, akuyang'ana uku ndi uku kufuna womuthandiza. Pomaliza anayang'ana ine. Ndinali chigwadire. Ndinamuyang'ana m'maso, n'kumusekera kuseka kuja anandiseka tsiku la sitovu. Pamenepo ndiye anamva. Misozi inatsika ndi penti ya m'maso yomwe, ndipo ulendo uno panalibe womugwira. Anatuluka nsapato zili m'manja.

Ndinadikira phokoso litsike, ndiye ndinati, "Ba Nchimunya, mwana asakwatiwe wopanda keke." Ba Luse anatuluka n'kubwera ndi makatoni amene tinasiya kwa aneba: keke zitatu za pa mbaula, zimene ndinaphika Lachisanu dzuwa lisanalowe, ndi ndowa yodzaza mabisiketi a koko ndi chiponde. Sizinali zazitali, kirimu yake inali ya koko ndi mapeyala. Ba Nchimunya anandiyang'ana n'kufunsa, "Mulibe?" Ndinati, "Mulibe." Anadula okha, analawa okha, n'kupatsa apongozi. Sipanatsale ngakhale nyenyeswa.

Lachinayi m'mawa ndikusesa, ndinangoona wilibala ziwiri pakhomo. Sitovu yanga, mathini, sikelo, buku lofiira, foni itakulungidwa m'pepala. Cathrine mwini wake sanabwere. Akuti amuna awo a ba Nchimunya anamuuza kuti akapanda kubweza amuperekeza okha ku polisi. Dzina langa pakhoma paja alipaka laimu. Pa msika wa Mandevu akumutcha Bana Twelufu, ngati kunena kuti Amake Twelufu, akamadutsa ogulitsa mazira amamuitana kuti kasitomala wabwera. Mipando sanabweze, akhalepo, aziganiza bwino.

Paphwando paja ba Kantaben analiponso, anakhala kutsogolo ndi sari yawo yoyera. Anatuluka msanga, dzanja lili pakamwa, ndiyesa phokoso linawachulukira. Ndidzapita kukawaona.

Munkati sunga khosi. Ndalisunga, achemwali, ndipo mkanda ndavala. Kalata ya Cathrine munanditumizira ija ndi mphatso yoposa mtedza.

Wanu wokondwa,
Philomena


Mchinji
11 Ogasiti 2024

Philomena,

Moni. Tili bwino. Ndakondwa kuti sitovu yabwera ndipo dzina lako lachoka pakhoma la eni. Cathrine wakolola zimene anafesa, sindimulirira, ngakhale dzina amupatsalo adzafa nalo.

Koma funso langa sunayankhe, ndiye ndadziyankha ndekha. Ndatenga kalendala ya kutchalitchi. Kalata ija unailandira pa 28 Meyi. Phwando linali pa 21 Julayi. Pakatipo ndawerenga Lachisanu kasanu n'katatu. Kasanu n'katatu keke inalowa m'nyumba ya mayi aja iwe ukudziwa chimene chili m'katimo, ndipo kuchokera ku Chawama kupita ku Kamwala ndi minibasi imodzi.

Ukuti phokoso linawachulukira. Philomena, ndinakusambitsa ine, usandinamize.

Chikundiwawa n'choti mpeni ndinakupatsa ndine. Ndinkayesa ndikuzimitsa moto, osadziwa kuti ndikuthira palafini. Usandithokozenso chifukwa cha kalata imene ija.

Pita ukawaone. Ukabwerako undilembere zoona zokhazokha.

Yamikani


Chawama
25 Ogasiti 2024

Achemwali,

Moni. Ndili bwino m'thupi. Mwafuna zoona, nazi.

Ndinapita ku Kamwala Lachiwiri, nditanyamula chitini cha mabisiketi a mu uvuni wanga, oyamba chibwerere sitovu. Zaka zonsezi ndikafika pakhomo paja ndimalowera kukhitchini ngati mwana wa pakhomo. Ulendo uno wantchito anandiuza kuti ndidikire pakhonde.

Ba Kantaben anatuluka akuyenda ndi ndodo. Aonda. Mwana wawo akuti chichokere ku phwando kuja amadya kamodzi patsiku, ndipo m'mawa uliwonse ali ku kachisi wawo. Mbale zonse zimene zinakhudza keke zija anazitaya. Anakhala pampando, ine pansi. Anandifunsa za thanzi langa, za kusudzulidwa, ngati denga lija linakonzedwa. Za Cathrine anangoti, "Uja sanadziwe."

Kenako anati, "Philomena, tsiku lija aliyense anadzidzimuka. Iwe wekha sunadzidzimuke, ndipo keke ina unali utaphika kale. Unadziwa liti?"

Bodza linali pafupi, achemwali, linali pa lilime penipeni. Ndikanati ndinamva dzulo lake. Koma mayi amene aja ndiwo anandiphunzitsa kuti ukati mulibe, muzikhala mulibe. Ndinati, "Mu Meyi."

Anawerenga pa zala, monga munachitira inu ndi kalendala. Zala za dzanja limodzi zinatha, anapita ku linalo. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anati, "Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi. Amayi anga anamwalira osalawa dzira, agogo anga chimodzimodzi. Keke yachiwiri ija sindinkaifuna, shuga anandiletsa adokotala. Koma Lachisanu lililonse ndinkadula kachidutswa, ndisanadye n'kukutchula dzina kwa Mulungu kuti wamasiye asagone ndi njala."

Ndinawasendezera chitini chija. Anachiyang'ana osatsegula. Anati, "Ndikudziwa kuti mulibe dzira. Iwe sunama." Ndiye anachikankhira kwa ine ndi nsonga ya ndodo, pang'onopang'ono, n'kuitana wantchito kuti andiperekeze ku geti.

Ntchito ikuyenda. A Sabata abwerera onse ndi anzawo omwe, ma Rasta abwerera, pali maukwati awiri mu Okutobala. Poti malaiti akusowa tsiku lonse, wa uvuni ya gasi ndine mfumu mu Chawama muno. Ku Kamwala kokha foni siilira. Si ba Kantaben okha, nyumba zonse zisanu ndi imodzi za Amwenye anga.

Musandifunse ngati ndikumva chisoni ndi Cathrine. Ayi. Ndikakumbukira nkhope ija, maikolofoni ili m'manja, chakudya chimatsika bwino. Dzulo ndinakumana naye pa siteshoni, anatembenukira kukhoma, ndipo ndinadutsa pafupi dala kuti amve fungo la koko. Atabweranso ndi kalole mawa, ndikhoza kumuchitanso zomwezo. Chimene sindikudziwa n'choti ndikanatani kuti ndimugwetse iye yekha. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Ndikanapita ku Kamwala mu Meyi, Cathrine akanabweza sitovu mwakachetechete, n'kumayendabe ndi wigi yake. Ndinasankha, ndipo ndinkadziwa chimene ndikusankha. Lachisanu lililonse ndinkadziwa.

Lachisanu lapitali ndinadzuka m'mawa, ndinayeza fulawa wa keke ziwiri, ndinasenda nthochi, ndinatsegula botolo la viniga, ndiye ndinakumbukira. Fulawayo ndinabwezera m'thumba.

Chitini chija sindinachitsegule, ndipo kugulitsa sindingathe. Ndapatsira ba Luse pamodzi ndi kalatayi. Ndi a koko ndi chiponde cha mtedza wanu womaliza. Mulibe dzira. Mukadya mundiuze, achemwali. Mukapanda kudya, chitinicho mungobweza, ndidzamva.

Ndine mng'ono wanu,
Philomena